Zoyera zimenezo si khansa achemwali, koma musathawe ngati ine

Achemwali amene mwalemba mobisa dzina, ndawerenga kawiri mtima ukugunda. Mwati pokuyezani khansa kuchipatala, atapaka viniga aona zoyera pa khomo la chiberekero, ndiye simubwererako chifukwa palibe chikukupwetekani komanso viral load yanu, kuchuluka kwa HIV m'magazi, ili pansi. Mawu omwewo ndinayankhula ine, ndi pakamwa panga pomwepa.

Ine ma ARV ndamwa zaka 11, sindiphonya, alamu imalira 8 koloko usiku uliwonse. Tsikulo ndinangopita kukatenga mankhwala, ndiye anati azimayi nonse mudutse kaye chipinda icho. Ndinagona pa bedi, chitenje ndakwinyira m'chiuno, kachitsulo kozizira kaja kali mkati. Katani yake inali yaifupi moti ndinkaona mapazi a anthu pa benchi, ena ndinawazindikira ndi masilipasi omwe, amayi a kumpingo kwathu. Nesi uja osandiuza kanthu ine mwini thupi, anangokuwira mnzake panja: "Tayatsa makina owotchera aja, wa ma ARV uyu zamupezanso!" Pa benchi panangoti zii. Kenako akuvula magolovesi akundifunsa, "Amayi, mwayenda ndi amuna angati?" Ine! Wa banja limodzi zaka 16! Atangotuluka kukatenga zinthu ndinadzuka, kumanga chitenje, kutola buku langa la kuchipatala, ulendo. Ndinadutsa pa benchi paja maso ali pansi, viniga akununkhabe. Pa kabaza ndinalira njira yonse mpaka mnyamata wopalasa anafunsa ngati kwagwa zovuta.

Mayi ameneyo mpaka lero sindinamukhululukire, Mulungu andithandize. Ukhale wotopa, malipiro achedwe, koma munthu wagona chivulire pamaso pako sungamulengeze ngati ukugulitsa tomato.

Kunyumba ndiye kunali kwina. Nditawafotokozera bambo a ana, funso lawo linali loti kachilombo kenaka ndakatenga kuti. Iwowo, amene anabweretsa koyamba kaja m'nyumba muno, ine n'kupirira osauza munthu. Anafika poitana ankhoswe. Azakhali awo akuti ndi mauka, akundibweretsera zitsamba zoika. Ndinaikadi kwa sabata, ndisakunamizeni.

Ndinakhala miyezi 9. Sindinkamva kupweteka, sindinkataya magazi, msambo ukubwera bwinobwino. Msampha wake ndi umenewo, zimenezi zikamayamba sizipweteka.

Amene ananditsegula maso ndi dokotala wina wachitsikana pa chipatala china, anachita kundijambulira kuseri kwa buku langa. Anati HPV, kachilombo koyambitsa zoyerazo ndi khansa ya khomo la chiberekero, pafupifupi aliyense amene anagonanapo ndi munthu amakumana nayo, amuna ndi akazi omwe, ndipo kwa ambiri thupi limaichotsa lokha pasanathe zaka 2. Ife a HIV thupi limavutika kuichotsa, imakhazikika pa khomopo n'kumasintha khungu pang'onopang'ono. N'chifukwa chake a WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, amati chiopsezo chathu cha khansa imeneyi n'chochuluka ka 6 kuposa anzathu opanda HIV. Kwa wina zimatenga zaka 15 mpaka 20 kuti zisanduke khansa, koma chitetezo chikakhala chofooka zitha kutenga 5 mpaka 10. Ma ARV amathandiza, musasiye, koma sapha HPV. Ndipo palibe angaloze kuti unaitenga liti kapena kwa ndani, itha kukhala ya kalekale. Ndinalakalaka ankhoswe aja akanakhalapo akumva.

Koma atandiona anati zoyerazo zalowa mkati mwa kanjira, kuwotcha sikuthekanso. Zimene zikanatha tsiku lomwe lija, kwaulere, m'mphindi zochepa, zinasanduka kalata yopita ku chipatala chachikulu. Kumeneko anachita LEEP, amabaya jakisoni wochititsa dzanzi n'kudula kagawo ndi kawaya kamagetsi. Ndinamva fungo la nyama yanga yomwe ikupsa. Kanyamako anakatumiza kokapima, ine kudikira masabata osagona tulo, ndikuwerenga ana anga kuti uyu adzakhala kwa ndani. Zotsatira zinati sinali khansa, koma inatsala pang'ono kusanduka khansa. Ndalama ya mayendedwe ndinachita kukongola ku banki m'khonde.

Ndiye inu bwererani mawa lomwe. Kuwotchako kumangomveka ngati m'mimba mwa msambo, kenako mumatuluka chikazi chamadzimadzi kwa masabata angapo, musadabwe nacho. Amanena kuti osagona malo amodzi kwa masabata 4, ndipo pakatha chaka mukaonedwenso. Mukaona magazi ambiri, fungo loipa kapena thupi kutentha, thamangani osadikira tsiku. Zoika zija ayi.

Bambo akunyumba muwauze bwinobwino, ndi bwino adziwe, banja ndi kumasukirana. Kapena mupite nawo akamve okha kwa dokotala, chifukwa zochoka pakamwa pa mkazi ena samva. Manesinso musawaope, ambiri ndi anthu abwino, wina akalankhula zopusa ingolumani mano mpaka amalize ntchito yake. Ngakhale ine pa chipatala choyamba chija sindipondapo mpaka pano, ndinasamutsa ndi kotengera mankhwala komwe, bola ndilipire minibasi.

Ngati muli ndi mwana wamkazi wa zaka 9 kupita m'mwamba, funsani za katemera wa HPV, boma linayamba kupereka m'dziko lonse mu 2019. Wanga ndinachita kumuperekeza ndekha, apongozi akuti adzakhala wosabereka, ndinangowayang'ana.

Popita mawa mutenge mapadi ndi chitenje chachiwiri, ndipo musanagone pa bedi paja muwauze atseke chitseko.