Mwana akupanga gemu ya mapenate pa Excel, ndimulande laputopu?

Mayi ena andilembera kuti mwana wawo wamwamuna ali Fomu 3, amalume ake anamusiyira laputopu yakale, ndiye masiku ano akangoweruka kusukulu basi ali pa Excel, akuti akupanga gemu ya mapenate, kampira kamayenda pa sikirini goloboyi n'kumadumpha. Funso lawo ndi lakuti MSCE ndi chaka chamawa, kodi izi si zongotaya nthawi, amulande laputopuyo?

Mayi, musamulande chonde. Kusewera gemu ndi kupanga gemu ndi zinthu ziwiri zosiyana kwambiri, ndipo mwana wanuyo ali mbali yopanga. Ndikufotokozereni zomwe zimachitika mkatimo kuti mukamuona ali duu pa kompyutapo muzidziwa chomwe chikumudya mutu.

Excel ndi timabokosi tambirimbiri, anthu amalembamo maakaunti, malipiro, katundu wa m'shopu. Wopanga gemu amachepetsa timabokosito kuti tikhale tofanana mbali zonse, n'kutipaka zobiriwira, bwalo lija latheka. Mpirawo si chithunzi ayi, ndi kabokosi kamodzi kopakidwa zoyera. Amasunga manambala awiri pambali, ina yonena mzere womwe mpira uli, ina yonena kolamu, kenako amauza Excel kudzera pa conditional formatting, njira yopaka kabokosi mtundu potsatira lamulo lomwe waika, kuti kabokosi komwe manambala awiriwo akumana kayere. Nambala ikasintha, koyera kaja kasuntha, maso athu n'kumati mpira ukuyenda. Zimenezitu ndi ma coordinates omwe aja aphunzitsi a Masamu amavutika nawo pa bolodi ana akuyasamula, iyeyu akuwagwiritsa ntchito mwakufuna kwake popanda womukakamiza.

Goloboyi ndiye pamene pamakoma. Amalemba =RANDBETWEEN(1,3), fomula yosankha nambala mwachisawawa pakati pa 1 ndi 3, 1 kumanzere, 2 pakati, 3 kumanja, kompyuta imadzisankhira yokha kolowera. Womenya penate naye amalemba nambala yake, ndiye fomula ya IF imafananiza, zikafanana akuti wagwira, zikasiyana ndi chigoli. Mufunseni funso ili madzulo ano: ngati goloboyi akungogwera mbali iliyonse mwachisawawa, pa mapenate 90 agwira angati? Yankho ndi pafupifupi 30, imodzi mwa zitatu zilizonse, ndipo atha kuyesa yekha ndi COUNTIF, fomula yowerenga kuti chinthu chapezeka kangati, n'kuona kuti nthawi zina zibwera 27 nthawi zina 34. Imeneyo ndi probability, ili pa silabasi yomweyo mukuidera nkhawayo.

Tsopano ndilankhule ndi mwini wakeyo pang'ono, mumuwerengere kapena mumupatse foni. Iwe mphwanga, ndikudziwa pomwe ukakamire ngati sunakakamire kale. RANDBETWEEN imasintha nthawi iliyonse ukakhudza chilichonse pa shiti, ngakhale kungodina F9, ndiye zigoli sizikhazikika, Bullets imatsogola 3-1 kenako mwadzidzidzi Wanderers yawina osamenya n'komwe. Mafomula okha sakumbukira zomwe zachitika kale. Apa ndi pomwe uyenera kulowa mu VBA, chilankhulo cha pulogalamu chomwe chakhala mu Excel kuyambira 1993. Dina Alt ndi F11 limodzi, patseguka polemba khodi. Lemba ka macro kakang'ono, ndiko kuti kapulogalamu ka malangizo omwe Excel imatsatira, koti kasankhe mbali ya goloboyi kamodzi kokha, kalembe zotsatira ngati nambala wamba, kawonjezere chigoli pa zomwe zinalipo. Kuyendetsa mpira gwiritsa ntchito For loop, khodi yobwereza chinthu kangapo, yochotsa 1 pa nambala ya mzere mpaka mpira ufike pa golo, ndipo mkati mwa loop ikamo DoEvents, lamulo lopatsa Excel mpata woonetsa zomwe zasintha pa sikirini, ndi kodikirira pang'ono, apo ayi mpira ungopezeka uli mu ukonde osauona kuyenda kwake. Ukatha ika batani pa shiti lolembedwa "Menya" ulilumikize ku macro ija.

Zinthu ziwiri zomwe zimaliza anthu ambiri: ukamaseva sankha .xlsm, chifukwa .xlsx imataya ma macro onse ndipo ntchito ya sabata yonse ipita, komanso Excel ya pafoni siyendetsa ma macro, ndiye usadabwe ukatumizira anzako pa WhatsApp iwo n'kumati gemu yako siikugwira. Seva pafupipafupi, batire la laputopu yakale silichenjeza magetsi akathima.

Kubwerera kwa inu mayi, nkhani ya ntchito. Ine ndimaona achinyamata ambiri amalemba pa CV kuti amadziwa Excel koma ukawapatsa mayina a anthu 500 kuti apeze omwe sanalipire amayamba kuwerenga ndi chala. Amene wapanga gemu wazolowera kale IF, COUNTIF, kuloza bokosi lolondola ndi chizindikiro cha $, ndipo chachikulu kuposa zonse wazolowera kufufuza chomwe chalakwika zinthu zikakana, osathamangira kunena kuti kompyuta yafa. Anthu otere amafunika ku maakaunti, ku masitolo, ku mabanki, ku mabungwe komwe amasonkhanitsa ziwerengero za mapulojekiti. Ndipo loop ndi IF zomwe akuphunzira mu VBA akazipezanso mu Python kapena chilankhulo china chilichonse, kalembedwe kokha ndi komwe kamasintha.

Koma nkhawa yanu ili ndi malo ake, sindikuitaya. Gemu siimulowetsa ku MUBAS, MUST, Mzuni kapena UNIMA. Kumeneko amafuna makirediti asanu ndi limodzi pa MSCE kuphatikizapo Chingerezi, ndipo maphunziro a kompyuta amayang'ana kwambiri Masamu, mpikisano wake ndi waukulu. Ndiye gwirizanani naye nthawi, mkati mwa sabata mabuku kaye, laputopu Loweruka ndi Lamlungu masana, ndipo teremu yomaliza ya Fomu 4 aiike pambali ndithu. Ngati kusukulu kwake kuli Computer Studies alembetse, ma spreadsheet ali momwemo ndipo akakhala patsogolo pa anzake.

Chomaliza, mupatseniko ntchito yeniyeni. Ngati muli ndi kageni kapena muli mu banki m'khonde, muuzeni akupangireni shiti yowerengera ngongole, chiwongola dzanja ndi masheya a aliyense, muone ngati manambala ake agwirizana ndi a m'kope la mlembi wa gulu lanu. Akakakamira pa macro andilembere, anene mzere womwe Excel yaupaka chikasu ndi uthenga womwe yalemba.