Musanagule shrimp wa mu thanki ya makorali, muoneni kaye msana

Sabata yathayi ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena, ndipo funso lawo ndaona kuti ndiliyankhe motalikirapo chifukwa ambiri timapunthwa pomwepa. Akuti ali ndi thanki ya madzi amchere ya malita 200, yatha miyezi 8, muli nsomba izi: ma clownfish awiri, yellow watchman goby mmodzi, makorali a zoanthid ndi hammer. Pamiyala payamba kumera Aiptasia, tizamoyo tosafunika tooneka ngati timaluwa tomwe timaluma makorali. Kushopu awaonetsa ma shrimp a mitundu itatu, peppermint, cleaner ndi coral banded, onse olembedwa kuti reef safe, nde akufunsa kuti atenge uti. Kumapeto anangowonjezera kuti mwezi wamawa akufuna kuikamo nsomba yotchedwa flame hawkfish.

Achimwene, ndiyambire kumapeto komweko. Hawkfish amadya shrimp. Mwina amusiya miyezi ingapo mpaka inu nkumati agwirizana, koma tsiku lomwe shrimp wafundula, thupi lili lofewa, ndi tsiku lomwelo amamumaliza. Chimodzimodzinso nsomba ngati triggerfish, puffer, lionfish ndi ma wrasse akuluakulu. Nde sankhani chimodzi, hawkfish kapena shrimp, ziwirizi mu malita 200 ayi chonde.

Tsopano mawu oti reef safe aja. Amangotanthauza kuti nthawi zambiri kanyamako sikadya makorali, basi. Sakunenapo kanthu ngati kamapha ma shrimp anzake, kapena ngati nsomba zanu zikasiye ndi moyo, komanso amadalira kuti amene analemba pagalasipo akudziwa chomwe chili mkatimo.

Ine zinandionekera. Ndinagula ma shrimp awiri olembedwa kuti peppermint pa shopu ina, kuti andithandize Aiptasia yemweyu. Patadutsa sabata ma zoanthid anga anayamba kutsekeka, ena mbali imodzi ngati aketulidwa, madzi ndikayeza zonse zili bwino. Usiku wina ndinazimitsa magetsi onse nkukhala pafupi ndi thanki ndi tochi yofiira, ndipo ndinamuona mmodzi atakwera pamwamba pa zoanthid akutsinatsina ndi timanja take, kuika kukamwa, kutsinanso. Zinandiwawa chifukwa makorali amenewo ndinawalera kuchokera pa kachidutswa ka timitu tinayi. Sanali peppermint ayi, anali camel shrimp, Rhynchocinetes durbanensis.

Kuwasiyanitsa sikovuta mukadziwa poyang'ana. Camel ali ndi linunda pamsana, maso akuluakulu otuzuka, mizere yofiira ndi yoyera yowala kwambiri ngati yojambula ndi penti, ndipo kamlomo kakuthwa kapamphumi kamaloza m'mwamba nkumayenda mmwamba ndi pansi. Peppermint weniweni msana wake ulibe linunda lotero, thupi limaonekera mkati pang'ono, mizere yake ndi yofiira yopyapyala yotsata mlitali mwa thupi. Mukaona linunda musiyeni komweko, kaya pepala likuti chani.

Koma nawonso ma peppermint enieniwo si mtundu umodzi. Kale onse ochokera ku Caribbean ndi Gulf of Mexico ankangotchulidwa Lysmata wurdemanni, mpaka mu 2006 pomwe akatswiri a sayansi Rhyne ndi Lin anawagawa mmitundu ingapo, umodzi mwa iyo nkukhala Lysmata boggessi. Izi zimathandiza kumvetsa chifukwa chomwe wina amakuuzani kuti ake anatha Aiptasia yense msabata ziwiri pomwe winanso akuti ake sanamukhudze nkomwe. Ngakhale amene amadyawo amakonda timitu tating'ono, zikuluzikulu zija amazilambalala, komanso akamakhuta chakudya cha nsomba ulesi umawagwira. Chinanso chomwe chikundidetsa nkhawa kwa inu ndi hammer uja. Peppermint ndi wakuba, mukamadyetsa korali wa mnofu ngati ameneyo amabwera nkumalowetsa manja mkamwa mwake kutulutsa chakudya, ndipo ena akakhala ndi njala amayamba kutsina mnofu weniweniwo. Ngati Aiptasia wanu ndi timitu tiwiri titatu, ine ndikanayamba nkutibaya ndi mankhwala ake a sirinji. Ngati tafalikira miyala yonse, tengani ma peppermint awiri kapena atatu koma muziwazonda usiku.

Coral banded, Stenopus hispidus, makorali sawakhudza nzoona. Vuto lake ndi ndewu. Ali ndi zopanira zazitali ndipo shrimp wina amene wamupeza mdera lake amamuthamangitsa, nthawi zina kumupha, ngakhale mnzake wa mtundu womwewo pokhapokha akhale mwamuna ndi mkazi ogwirizana. Mukamutenga ndiye kuti mwatseka khomo la ena onse.

Amene ndingakuuzeni ndi mtima wonse kuti tengani ndi skunk cleaner, Lysmata amboinensis. Mbali zake zachikasu, pamsana mizere iwiri yofiira ndi umodzi woyera pakati, ndevu zazitali zoyera, amakula pafupifupi masentimita 5 kapena 6. Ameneyu sabisala ngati anzake. Amasankha mwala umodzi nkumaima pamenepo akugwedeza ndevu, nsomba zimabwera zokha nkupendekeka kuti azichotse khungu lakufa ndi tizilombo tapathupi. Wanga ndikalowetsa dzanja kuti ndikonze mwala amasambira nkudzatera pa zala, amayamba ndi mmbali mwa zikhadabo, kumamveka ngati kakukandani pang'onopang'ono ndi nsonga ya udzu, ndipo ndimangoima osasuntha mpaka atatopa yekha. Mutha kutenga awiri aliwonse osavutika kufunsa kuti wamkazi ndi uti, chifukwa akakula aliyense amakhala ndi ziwalo zonse ziwiri, zachimuna ndi zachikazi, nde mudzaona onse atanyamula mazira obiriwira kumimba. Awiri ndi okwana, mukachulukitsa mu thanki yaing'ono amayamba kuphana. Nayenso amabako chakudya cha makorali, koma ndimangomupatsa kachidutswa kake poyamba kuti atanganidwe.

Chimodzi chokha, musamutenge ngati dokotala. Nsomba zikadwala timadontho toyera tija, Cryptocaryon, kachilomboko kamalowa mkati mwa khungu ndipo shrimp sangathetse matendawo. Mankhwala ake ambiri amakhala ndi kopa, ndipo kopa amapha shrimp ndi makorali omwe, nde nsomba yodwala izilandira mankhwala mu thanki ina yapadera.

Alipo fire shrimp, Lysmata debelius, wofiira ngati magazi wa timadontho toyera, wokongola zedi komanso waulemu kwa makorali, kungoti ndi wamanyazi, masabata ena mumangoona ndevu zokha zitasuzumira kuphanga. Harlequin shrimp musamuyerekeze, amadya ma starfish okha basi, tinyama tam'nyanja tooneka ngati nyenyezi. Sexy shrimp ndi tating'ono kwambiri, mu malita 200 tingosowa.

Koma popeza muli ndi watchman goby, ganiziraniko za pistol shrimp, makamaka tiger, Alpheus bellulus. Shrimpyu saona bwino, nde amakumba una goby nkumalondera pakhomo, ndipo akamatuluka ndi mchenga ndevu imodzi imakhala itagusa goby, goby akangogwedeza mchira onse lowu. Kungoti amakumba usana ndi usiku, korali aliyense amene ali pamchenga amukwirira, ndipo miyala yanu ikhale yokhazikika pagalasi lapansi osati pamchenga, apo ayi tsiku lina idzagumuka.

Tsiku lomubweretsa ndi lomwe ambiri amafera. Shrimp sapirira mchere ukasintha mwadzidzidzi. Wa mu thanki yanu ukhale pa 1.025 pa chipangizo choyezera mchere, kutentha madigiri 24 mpaka 26, amoniya pa 0. Mukhuthulireni mu kandowa ndi madzi omwe wabwera nawo, tengani kapaipi kopyapyala kopopera mpweya mu thanki, mangani mfundo kuti madzi a mu thanki azingodontha madontho awiri atatu pa sekondi, mudikire ola lathunthu. Kenako mulowetseni magetsi atazima, madzi a kushopu aja mutaye.

Ndiye mmawa wina, mwina mmasiku oyambirira omwewo, mudzapeza shrimp wanu ali gada pamchenga, ndevu, miyendo, zonse zilipo. Musathamangire kulira. Chitoleni muchione, ngati chili chopepuka choonekera mkati komanso chong'ambika pamsana, chimenecho ndi chigoba chabe, wafundula. Mwini wake ali kuseli kwa mwala akudikira kuti thupi lilimbe, musasunthe miyala kumufunafuna, atuluka yekha pakatha tsiku limodzi kapena awiri.