Makope a aphunzitsi anga anathera pa mandasi

Achemwali, mwalemba m'gulu muno za makatoni a mapepala amene malemu aphunzitsi anu a zoumba mbiya anasiya m'chipinda chawo. Makatoni amenewo asagonenso usiku wina m'chipinda chimenecho. Positi yanuyi ndaiwerenga manja akunjenjemera, chifukwa mawu amene achibale a malemu aphunzitsi anu akuuzaniwo, oti chipindachi tikuchifuna pakutha pa mwezi, ndi omwewo anandiuza ine. Ndipo ine chitsiru ndinadikiradi kutha kwa mwezi. Ndionetsetse anathetsa nkhosa. Amene akulemba pamwambapa kuti mapepala a munthu womwalira ndi zinyalala basi, ndikuwakhululukira, sanaumbepo ngakhale phale.

Aphunzitsi anga dzina sinditchula, banja lilipo ndipo ena ali m'gulu lomweli, aziwerenga. Ndinakhala pamapazi awo zaka zisanu ndi chimodzi. Anali ndi wilo youmbira mbiya yopalasa ndi phazi, ndi uvuni wa njerwa wotchera nkhuni umene anamanga okha. Ndiye munthu uja kulemba! Makope a pulayimale 23, m'bokosi lachitsulo lobiriwira. Mtapo uwu unakumbidwa m'dambo liti, dzenje linafika m'chiuno kapena m'maondo, anasakaniza ndi mchenga mbale zingati. Phulusa la mapesi limatulutsa mtundu wanji pa glaze (mankhwala opaka pa mbale yadothi kuti ikatchedwa inyezimire), la mankhusu a mpunga limatani, poti limeneli lili ndi silica wambiri, chinthu chopezekanso mumchenga, ndipo limayeretsa. Moto anauyatsa nthawi yanji, anasiya kuponya nkhuni nthawi yanji, mbale zingati zinang'aluka ndipo zinali mbali iti ya uvuni. Ngakhale mayina a amayi akumidzi amene anawalozera malo okumba mtapo analembamo, ati amenewo ndiwo eni nzeru. Zaka makumi atatu za kuyesa ndi kulephera zinali mmenemo.

Pa shelefu pawo panali buku limodzi lothetheka la mayi wina, Marguerite Wildenhain, lotchedwa Pottery: Form and Expression, la mu 1959. Ankalikonda ngati Baibulo. Tsiku limene ndinaumba mtsuko wanga woyamba woimirira bwino, ndikunyadira, iwo anatenga waya n'kuudula pakati kuchokera kukamwa mpaka pansi, n'kundionetsa kuti kumunsi n'kokhuthala ngati chidendene pomwe m'khosi mwapyapyala ngati tsamba. Ndinalira. Anangoti mayi wa m'bukumo ankachitanso zomwezo kwa ophunzira ake, iwe ndiwe ndani.

Nkhani ya mayiyu ndinaimva kambirimbiri tikukanda dongo. Anabadwira ku Lyon ku France mu 1896, dzina la kwawo Friedlaender. Mu 1919 analowa sukulu ya zaluso ya Bauhaus ku Weimar ku Germany, n'kukaphunzira kuumba ku Dornburg pansi pa Gerhard Marcks ndi Max Krehan, ndipo amatchulidwa kuti ndi mkazi woyamba ku Germany kupatsidwa udindo wa master potter, kutanthauza mmisiri wamkulu wa zoumba. Anaphunzitsa ku Halle, mbale zimene anajambula zikupangidwa ndi fakitale ya mbale zadothi loyera (porcelain) ku Berlin. Mu 1933 a Nazi atatenga boma anamuchotsa ntchito chifukwa cha magazi achiyuda. Anathawira ku Putten ku Holland ndi mwamuna wake Frans, n'kuyambanso pachabe. Mu 1940 nkhondo itayandikira anakwera sitima kupita ku America yekha, mwamuna n'kutsala poti anali nzika ya Germany. Mu 1942 anakakhazikika pa famu ina m'mapiri pafupi ndi Guerneville ku California, yotchedwa Pond Farm. Banja linadzatha, anzake amene anayamba nawo sukulu pamalopo anabalalika, iye n'kutsala yekha m'phirimo akuphunzitsa chilimwe chilichonse mpaka 1980. Boma la California linadzatenga malowo kuti akhale paki, koma anamulola kukhalapo mpaka imfa yake mu 1985.

Mukuona? Munthu wothamangitsidwa maiko awiri, wowoloka nyanja nthawi ya nkhondo, mapepala ake alipo mpaka lero. Aphunzitsi anga sanathawepo nkhondo iliyonse, anafera pabedi pawo, koma mapepala awo sanathe ndi miyezi iwiri yomwe.

Anamwalira mwezi wa Juni, kukuzizira. Pa maliro ndinaphika nawo, ndinatunga madzi, ndinagona pasiwa ngati mwana wapakhomo. Tsiku lakumeta ndinapita kwa mwana wa mlongo wawo, amene banja linamuika kuyang'anira katundu, ndinagwada, ndinati achimwene, katundu yense ndi wanu, ine ndikungopempha makope aja. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu. Ati, kodi inu ndinu ndani pakhomo pano? Kenako n'kufewetsa mawu kuti bwerani pakutha pa mwezi tikakhala pansi ngati banja. Munthu amene malume ake ali moyo ankabwera pa Khirisimasi pokha, kudzatenga makapu aulere okapatsa akuchikazi.

Sindinafike n'kutha kwa mwezi komwe. Loweruka lina ndili pa msika, ndagula mandasi awiri kwa kamtsikana kena pafupi ndi pokwerera minibasi. Kandikulungira m'pepala. Ndadya limodzi ndikuyenda. Pofuna kupukuta zala ndi pepalalo, maso anga n'kugwera pa 7 wodulidwa pakati, mmene ankalembera iwo. Ndinangoti kakasi pakati pa msewu, wa kabaza kutsala pang'ono kundigunda, akunditukwana. Pepala lonse mafuta okhaokha, loonekera mbali zonse, koma mawu akuwerengeka: phulusa la mapesi mbale 4, dongo loyera mbale 3, ndipo kunsi kwake analemba kuti "yatsika kwambiri, chepetsa phulusa." Tsamba lija ndinalipo tsiku limene ankalilemba. Mbale imene inamatirira pa shelefu ya uvuni tsiku limenelo ndinaigumula ndine ndi tcheselo.

Ndinabwerera kwa kamtsikanako ndikuthamanga. Pansi pa beseni panali kope lathunthu, chikuto chachotsedwa, masamba akung'ambidwa limodzilimodzi. Ndinafunsa kuti mwazitenga kuti, kakuti amayi anagula kwa abambo ena, mulu wonse. Ndinagula mandasi onse m'beseni muja kuti kandipatse kopelo. Anthu akundiyang'ana ngati wamisala, mzimayi wamkulu akulirira pepala la mandasi. Kamtsikanako n'kuyamba kulira nako poganiza kuti kalakwa. Tinapita kwa amayi ake, anatulutsa kope lina limodzi, ati ena onse atha, ena tinayatsira mbaula poti mapepala ake ndi ouma bwino amayaka msanga. Mayi amene uja sindimuimba mlandu, anagula ndi ndalama zake, ndipo anandipatsa lachiwirilo ulere atamva nkhani.

Koma bambo uja! Nditafika pakhomo, wilo kulibe, anagulitsa kwa ogula zitsulo zakutha, poyeza pa sikelo. Njerwa za uvuni, zija zopirira moto zimene aphunzitsi anazisonkhanitsa zaka ndi zaka, akumangira khola la nkhumba. Bokosi lobiriwira lija lili pakhonde, muli nsapato zake. Makalata a ophunzira akale, zithunzi, buku la Wildenhain lija, zonse ati tinasesa. Ndiye akundiuza akuseka kuti mukanabwera msanga, ifetu sitimadziwa kuti n'zofunika. Sankadziwa chiyani, pomwe ndinamugwadira pamaso pa anthu? Chimene chimandiwawa mpaka lero si umbuli, umbuli umakhululukika. Ndi chakuti anaona kuti ndikuzifuna, ndiye anati bola ziwonongeke kusiyana n'kuti wobwera apindule nazo. Ankaganiza kuti muli chinsinsi cha ndalama. Atatsegula n'kupeza phulusa mbale 4, anakhumudwa, n'kugulitsa pa mtengo wa sopo. Lero pa chiliza anamulemba kuti ndi amene anasunga dzina la malume ake. Dzina lake liti?

Patapita chaka, usiku wina tulo titasowa, ndinasaka dzina la mayi uja pa intaneti. Mapepala ake ali ku Archives of American Art, nthambi ya Smithsonian, bungwe losunga zinthu zakale, ku Washington. Makalata, zolemba, zojambula, zithunzi, zonse zili ndi mndandanda wake, bokosi ili muli zakuti, foda iyi muli zakuti. Mu 1982 anamujambulanso mawu akufotokoza moyo wake. Mbiya ndi zojambula zake zambiri zili ku Luther College ku Decorah, Iowa, kumene wophunzira wake Dean Schwarz ankaphunzitsa. Chimene chinandilasa n'chakuti mayiyu sanasiyire achibale kuti adzaganize, anayamba kupereka yekha adakali moyo. Ndinakwiyira aphunzitsi anga usiku umenewo, Mulungu andikhululukire. Munthu wolemba ngakhale nthawi yoponya chikuni, analephera kulemba mzere umodzi wonena kuti makope anga adzatenge uje. Ndinadzikwiyiranso ndekha, poti kangapo konse ananditi tenga kope ukakopere kunyumba, ine n'kumati ndidzakopera, ali pompano.

Ndiye achemwali mverani. Musakangane ndi banja, katundu ndi wawo, mwamwambo ngakhale mwalamulo. Pitani mwaulemu, tengani munthu wamkulu amene amamumvera, a mpingo kapena ankhoswe, ndipo musaonetse kuti mukuzifunitsitsa, mukatero mtengo umakwera kapena nsanje imadzuka. Nenani kuti mukufuna kuwathandiza kusesa chipinda. Koma pamene mukudikira yankho lawo, lowani ndi foni yodzaza moto ndipo mujambule tsamba lililonse, kutsogolo ndi kumbuyo, ngakhale sanakuloleni. Ndipo ndinene zoona, mpata ukapezeka nyamulani katoni imodzi muike pa kabaza, zopepesa mudzapepesa pambuyo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ine ulemu ndi umene unandidyetsa mandasi.

Mukazipeza musasanjenso mwanzeru zanu, zisiyeni mmene mwini anaziikira, chifukwa ndondomeko yakeyo ikunenanso kanthu. Chotsani mapini ndi mastepulo adzimbiri. Musamate ndi selotepu, imasanduka yachikasu n'kudya pepala. Musaike m'jumbo, chinyezi chimatsekeredwa mkati n'kuchita nkhungu. Katoni isakhudze pansi kapena khoma. Tizidutswa ta mbale toyesera glaze tija, tokhala ndi manambala kunsi, musataye ngakhale kamodzi, nambala iliyonse ili ndi tsamba lake m'kope ndipo china popanda chinzake n'chosalankhula. Zithunzi lembani kumbuyo ndi pensulo mayina a anthu adakalipo owazindikira. Kenako kafunseni ku National Archives ku Zomba, kapena ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House ku Blantyre, mumve ngati angalandire ndi mmene amalandirira. Zinthu zotere zisakhale m'nyumba ya munthu mmodzi, munthu amafa, ana ake n'kudzagulitsa kwa a mandasi.

Makope anga awiri aja sindinapereke kulikonse, musandifunse. Ali m'sutikesi pansi pa bedi langa, ndipo mvula ya chaka chatha chiswe chinalowa n'kudya ngodya ya limodzi, pomwe panali maola a moto wa glaze yobiriwira ija. Ndayesa kanayi kuibweza, ikumatuluka ngati phala la soya. Mwana wanga wamkazi akuti amayi kaperekeni zisanathe, ndimamuyankha kuti mwezi wamawa. Tsamba lamafuta lija ndinaliika m'felemu, lili pamwamba pa wilo yanga, ndipo kukatentha limanunkhabe mandasi.

Ngati muli mbali ya kuno nditumizireni uthenga ku inbox, ndili ndi makatoni ouma asanu ndipo mlamu wanga ali ndi pikapu, Lachisanu sagwira ntchito.