Musanapopere chilichonse, kaonaneni kaye ndi wopenta

Achimwene, mwati Volkswagen Beetle yanu ya 1971 injini ndi mabuleki mwamaliza kukonza, ndipo mukufuna kuipala nokha, kuipopera pulayima (penti yoyamba yapansi) ya m'tizitini, kenako n'kuipereka kwa wopenta. Zopala nokhazo ndikugwirizana nazo kwambiri. Koma za tizitinito, chonde dikirani kaye.

Pitani kwa amene adzaipenteyo galimoto isanakhudzidwe. Mufunseni penti imene amagwiritsa ntchito ndi pulayima imene akufuna ikhale pansi pake. Wopenta wodziwa ntchito yake salola kupopera pamwamba pa chinthu chimene sakuchidziwa, chifukwa thinazi ya mu penti yake imatha kufewetsa pulayima ya m'kachitini, penti n'kuchita makwinya isanaume n'komwe. Akaipeza adzaipala yonse, thukuta lanu n'kupita pachabe.

Nkhani yaikulu ndi dzimbiri. Chotsani mpando wakumbuyo muone pansi pa batire, chifukwa asidi amadya chitsulo pamenepo mwakachetechete. Onaninso ma heater channel, mapaipi achitsulo a mpweya wotentha amene amadutsa m'munsi mwa zitseko. Amenewa ndiwo amalimbitsa thupi la Beetle, ndipo akawola zitseko zimayamba kugwa. Bayani ndi sikuludilaiva, musachite chisoni. Pakabooka, dulani mpaka mufike pa chitsulo chabwino, muwotcherere chatsopano. Fila, phala losalazira thupi la galimoto, si yotsekera bowo. Ine ndinatsekapo kabowo kam'munsi mwa chitseko ndi fila, pooneka panali posalala bwino, koma chinyezi chinalowera kuseri ndipo chaka chisanathe matuza anatuluka pa penti yatsopano. Zinandiwawa mumtima. Yendetsaninso kamagineti thupi lonse: pamene sikakugwira, dziwani kuti wina anadzazapo fila yochindikala kale.

Ngati mukuganiza za sandblasting, kupala ndi mchenga wopopera mwamphamvu, denga ndi zitseko samalani nazo, mchenga wamphamvu umapinda chitsulo chopyapyala. Ndipo valani chotchinga mphuno chenicheni, chifukwa penti yakale imatha kukhala ndi mtovu.

Chitsulo chikayera musachigoneke. Chimachita dzimbiri m'maola ochepa, ngakhale pamene mwagwira ndi dzanja lathukuta pamatsala chizindikiro. Chipukuteni ndi mankhwala ochotsa mafuta, epoxy primer, pulayima yoteteza chitsulo ku dzimbiri, ipite tsiku lomwelo.

Tsopano pamene pamadya nthawi: kuwongola thupi. Fila ikhale yopyapyala, isapitirire mamilimita 3. Yambani ndi sandipepa yokhakhala ya nambala 80, kenako yosalalirapo ya 180, ndipo muziikulunga pa thabwa lalitali losalala, osati kupala ndi zala, chifukwa zala zimakumba timigula timene simungatione mpaka penti yonyezimira itagwa. Mwazani kapenti kakuda pang'ono chabe pamwamba, mupale mopingasa uku ndi uku. Pamene kwatsala kakuda, pamenepo m'polowa. Tsinzinani, muyendetse chikhatho pa mudigadi. Dzanja limamva zimene diso laphonya. Fila musaipale ndi madzi, imamwa. Za sandipepa ya 320 kupita ku 600 mumvane ndi wopenta, ambiri amakonda kumaliza okha.

China chimene ambiri amaiwala: mangani zitseko, boneti ndi mamudigadi onse anayi penti isanapite, muone ngati mipata ikufanana ndiponso zitseko zikutsekeka mosakhula. Kuwongola chitseko chopenta kale kumaswa mtima. Zikakhala bwino muzimasulenso. Magalasi, malabala ndi zokongoletsa za chrome chotsani zonse m'malo mozimata ndi tepi, mabawuti muike m'timapepala tolemba, ndipo jambulani chilichonse musanamasule.

Polishi wa matayala, wa dashibodi, ndi china chilichonse chokhala ndi silicone chituluke m'galaja yonse. Kadontho kamodzi kamasiya timaenje tonga maso a nsomba pa penti.

Mukatsegula mpando wakumbuyo, titumizireni chithunzi cha pansi pa batire ndi cha m'munsi mwa zitseko, tione ngati pakufunika wowotcherera musanapitirire.