Ndege yanga ikugwera kumchira

Funso: Ndalumikiza kandege kankhondo ka pulasitiki ka Me 262 (ndege ya jeti ya ku Germany ya pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse), sikelo ya 1:72, kutanthauza kuti n'kochepa maulendo 72 poyerekeza ndi yeniyeni. Ndikakaimika pa matayala kakumagwera kumchira, komanso galasi la pamalo a woyendetsa layera mkati. Chalakwika n'chiyani? Wowerenga wa ku Rosettenville, Johannesburg.

Yankho: Achimwene, ndege zokhala ndi tayala kumphuno zimavuta choncho, chifukwa pulasitiki yambiri imakhala kumbuyo kwa matayala akuluakulu. Musanamate mbali ziwiri za thupi, zigwirizeni ndi tepi pamodzi ndi mapiko, n'kuika ndegeyo pa pensulo pomwe padzakhale matayalawo. Ikani tizidutswa ta mtovu wowedzera nsomba kumphuno mpaka mutu uwerame, kenako onjezerani pang'ono. Poti yanuyi mwamata kale, lowetsani mtovuwo kutsogolo mkati mwa mainjini awiri a pansi pa mapiko, malo alipo.

Galasilo lapsa ndi nthunzi ya superglue. Yesani kulipukuta ndi mankhwala otsukira mano pa kathonje. Ulendo wina gwiritsani guluu woyera wa matabwa, amauma osaoneka.

Musanapente, kaoneni Me 262 yeniyeni kumyuziyamu ya zankhondo ku Saxonwold, ku Johannesburg komweko, ngakhale iyo ndi ya mipando iwiri.