Kodi mungakane kulipira ndalama ya thumba losungira pa fulati yanu ku South Africa?

Mayi, mwalemba kuti munagula fulati ku Johannesburg pa mdadada wa sectional title (pomwe aliyense ndi mwini wa fulati yake, koma zinthu monga denga ndi bwalo ndi za onse), ndipo pa bilu yanu ya levy, ndalama imene eni mafulati amasonkha yoyendetsera malowo, pawonjezeka ndalama ya thumba losungira (reserve fund) ngakhale simukuona chowonongeka chilichonse pamalopo. Mukufunsa ngati mungakane kulipira.

Simungakane, ndipo ndikukupemphani kuti musayesere. Lamulo la Sectional Titles Schemes Management Act la 2011, lomwe linayamba kugwira ntchito pa 7 Okutobala 2016, limalamula bungwe la eni nyumba onse, lotchedwa body corporate, kukhala ndi matumba awiri. Loyamba ndi la zinthu za tsiku ndi tsiku monga inshuwalansi, alonda ndi kusesa. Lachiwiri ndi losungira ndalama zodzakonzera kapena kusinthira katundu wa onse, monga denga, mapaipi a madzi, chikepe, mpanda ndi penti wa kunja. Kwathu tinazolowera kusonkherana vuto litagwa kale, koma denga la mdadada wonse likayamba kudontha, ndalama yake imakhala yoti mabanja ambiri sangaipeze mwezi umodzi, ndipo ndi mavuto otere amene lamuloli likufuna kupewa.

Kuchuluka kwa ndalamayo sikuchokera m'mutu mwa ma trustee, anthu osankhidwa ndi eni nyumba kuti aziyendetsa body corporate. Ngati pakutha kwa chaka chatha thumba losungira linali ndi ndalama zosafika 25 peresenti ya zomwe eni nyumba nonse munasonkha m'thumba la tsiku ndi tsiku chaka chimenecho, chaka chino muyenera kusungako zosachepera 15 peresenti ya zomwe mwakonza kusonkha m'thumba la tsiku ndi tsikulo. Mwachitsanzo, zosonkhazo zikakhala R400,000, zosunga zisachepere R60,000. Thumba likakhala pakati pa 25 ndi 100 peresenti, musunge zosachepera ndalama zomwe bajeti ya chaka chino yaika pa kukonza katundu wa onse, ndipo likafika 100 peresenti lamulo silikuikiraninso malire. Gawo lanu limawerengedwa potsatira participation quota, yomwe pa nyumba zogonamo imachokera pa kukula kwa fulati yanu poyerekeza ndi ena onse.

Pamene muli ndi mphamvu zenizeni ndi pa dongosolo la zaka 10. Body corporate iyenera kukhala ndi chikalata chofotokoza katundu wamkulu aliyense amene adzafunika kukonzedwa m'zaka 10 zikubwerazi, momwe alili lero, nthawi yomwe adzakonzedwe ndiponso mtengo wake woyerekeza. Chikalatachi chimagwira ntchito pokhapokha eni nyumba atachivomereza pa msonkhano, ndipo ma trustee ayenera kufotokoza pa msonkhano waukulu wa chaka chilichonse pomwe afika pochikwaniritsa. Ndalama za thumbali zikhale mu akaunti yakeyake, ndipo zituluke potsatira dongosololi kapena pa vuto ladzidzidzi lomwe ma trustee adzalifotokoze kwa eni nyumba. Choncho alembereni kalata, osati uthenga wa pakamwa, yopempha dongosololi, bajeti, mfundo za msonkhano womwe unavomereza levy, ndi malipoti a ndalama owunikidwa ndi oditala. Monga mwini nyumba, muli ndi ufulu woona ndi kukopera mabuku amenewa.

Akakana, kapena mukaona kuti ndalamayo inawerengedwa molakwika, kadandauleni ku Community Schemes Ombud Service, bungwe la boma lothetsa mikangano ya m'malo okhala ngati amenewa. Kumeneko amayamba ndi kuyanjanitsa mbali ziwirizo, zikalephereka nkhani imapita kwa woweruza wawo, amene angalamule kuti levy yolakwika kapena yopanda chilungamo ikonzedwe. Chigamulo chake mungachitengere ku High Court pasanathe masiku 30, koma pa mfundo ya lamulo yokha. Nthawi yonseyi pitirizani kulipira, chifukwa ngongole ya levy imabala chiwongoladzanja, ndipo tsiku logulitsa fulatiyo umwini sungasinthidwe body corporate isanatsimikize kuti mwalipira kapena mwagwirizana nayo za kalipiridwe. Dziwaninso kuti zomwe munasonkha m'thumbali sizibwezedwa mukamachoka, zimatsalira mdadadawo.

Chinthu chimodzi mutsimikize pa title deed yanu, chikalata cha umwini wa malowo. Ngati malowo si a sectional title koma ndi nyumba zoima pazokha pansi pa bungwe la eni nyumba lotchedwa homeowners association, malire a maperesenti ndatchulawa sakukhudzani, ndipo chomwe chikumangani ndi malamulo a bungwe lanulo, ngakhale khomo la Ombud likhalabe lotseguka kwa inu.