Za mbewa zofufuzira khansa ya m'mawere

Achemwali, mwafunsa ngati zotsatira za kafukufuku wa khansa pa mbewa ndi zothandiza, poti amayi anu ali ndi chotupa m'bere. Inde, zotsatira za mbewa ndi zothandiza, koma si umboni womaliza. Ndimasamalira mbewazi mu labotale kuno ku Johannesburg. Zina timazisintha majini, monga mtundu wa MMTV-PyMT, ndipo chotupa chimaphuka m'bere n'kufalikira kumapapo m'miyezi yochepa, zomwe mwa munthu zimatenga zaka. Ngakhale Herceptin, mankhwala a khansa ya m'mawere omwe analoledwa ku America mu 1998, anachokera ku asilikali a m'thupi la mbewa.

Komabe mankhwala ambiri ochiritsa mbewa amalephera akafika kwa anthu. N'chifukwa chake zimandiwawa anthu akamagula "mankhwala" pa Facebook poti anachiritsa mbewa. Chotupa cha amayi anucho musachedwe nacho, apiteni nawo kuchipatala cha mawere ku Helen Joseph kapena ku Charlotte Maxeke, zipatala za kuno ku Johannesburg, akapimidwe.